Khonje wa M'malire a Dimba

Gerevazio adali atajambula maukwati, maubatizo ndi mipikisano ya makwaya yosawerengeka, koma kakhadi ka kamera kobiriwira ngati ndere adali asanakaonepo. Adakatembenuza pachikhatho, n'kukayandikitsa pazenera la kashopu kake pa Linthipe. Timizere take tagolide tidali titadyeka.

"Mayi, mumakasunga pati kameneka?"

"Pamalo abwino," adayankha a Dorika, atakhala pabenchi, manja ali pamiyendo. "Pansi pa chifanizo cha Amayi Maria."

"Pouma?"

"Pouma. Kupatula madzi odalitsa."

"Kangati?"

"M'mawa uliwonse. Chinthu chofunika m'nyumba mwanga sichikhala chosawazidwa."

Gerevazio naye adali Mkatolika, ndipo ankadziwa kuti m'madzi amenewo mumakhala kamchere. Adangokhosomola. Mayi wamasiye sungamuuze kuti madalitso achuluka.

Nkhani ya kakhadiko adali kuidziwa. Chaka chatha, mwezi wa Juni, a Anselmo, amuna awo a mayiwa, adamuitanitsa ku Kaphuka. Adali atayamba kale kudwala. Adafuna kuti awajambule akuyendera malire a dimba lawo la kachewere, akunena ndi pakamwa pawo kuti dimbalo ndi la akazi awo ndi ana. A Dorika adabwera m'mudzimo pa chitengwa kuchokera ku Kasina, ndipo mkazi wa chitengwa, mwamuna akangotsikira kumanda, anthu amayamba kukumbukira kuti ndi mlendo. Kujambula kutatha, a Anselmo adatenga kakhadiko n'kuika m'thumba. Gerevazio adapempha kuti akopere kaye pakompyuta, koma iwo adakana.

"Umboni ukakhala uwiri, wina ndi wabodza," adatero.

A Anselmo adamwalira mu Febuluwale. Tsopano mng'ono wawo, a Ignasio, ankati kuyambira pangalande kutsikira kumunsi ndi malo a makolo, za malire sadazimvepo, ndipo tsiku lojambulalo iwo adali ku Lilongwe. Khonje amene adabzalidwa m'ngodya zinayi za dimba adasowa, ngakhale khonje sadziwika ndi khalidwe loyendayenda. Abale adagwirizana zokhala pansi Lamulungu Misa ikatha. Tsikuli lidali Lachisanu.

"Kanemayu akapanda kutuluka," adatero a Dorika, "ndibwerera ku Kasina ndi ana anayi ndi khasu limodzi."

Gerevazio adayesa kukumbukira amene adalipo tsiku lija. Chimene chidabwera m'mutu mwake ndi mphepo ndi batire lomwe linkatha. Komanso mawu a munthu wa pa Linthipe sakadalemera pa nkhani ya banja la eni.

Adanyowetsa thonje ndi sipiliti, n'kupukuta timizere tija pang'onopang'ono. Kenaka adatikwecha ndi labala ya pensulo mpaka golide adayamba kuonekera. Atakalowetsa mu laputopu, padatuluka uthenga.

"Ikuti chiyani?" adafunsa a Dorika.

"Ikuti tifufute zonse kuti kakhadika kayambirenso mwatsopano."

"Amenewo ndi maganizo a alamu anga."

Gerevazio adakana uthengawo. Adatsegula pulogalamu yofufuza zotayika, imene imayenda m'khadi monse ngati munthu wokunkha m'munda mokolola kale. Idatenga maola atatu. Malole ankadutsa pamsewu waukulu, amayi a tomato ankakuwa panja, ndipo a Dorika adamaliza kolona kawiri. Pomaliza padabwera mafayilo opanda maina, manambala okhaokha. Lalikulu mwa onsewo lidakana kutseguka.

"Thupi lilipo," adalongosola Gerevazio, "koma mutu wake wawonongeka. Pafunika kanema wina wabwinobwino wa kamera yomweyi, kuti makina aonerepo mmene mutu umakhalira. Taimirirani apo ndikujambuleni."

A Dorika adakonza mpango, n'kuima chilili, manja ali m'mbali ngati akujambulitsa chitupa.

"Nenani chilichonse, mayi."

"Ndilibe mawu."

"Akwanira omwewo."

Njirayo idagwira, koma idagwira mwaumbombo. Pa mphindi khumi ndi imodzi zimene adajambula, padabwerera masekondi makumi anayi. A Anselmo adaoneka atasweka m'timabokosi, pakamwa pakuyenda, mawu atamezedwa ndi mphepo ya Juni. A Dorika adayang'anitsitsa timabokosito osaphethira.

"Chipewacho ndi chawo," adatero motsitsa.

Mawu onse ofunika aja adali atapita. Gerevazio adalola kanemayo kuti afike kumapeto, poti padalibenso china chochita. Atafika kumapeto, adamubwereza. Kenaka adamukopera malo atatu osiyana, osapempha chilolezo kwa wina aliyense.

"Lamulungu ndibwera ndekha," adatero.

Lamulungu abale adakumana pakhonde la a Sibongile, mlongo wawo wamkulu wa malemu, amene ankayendetsa zokambiranazo. Kunkazizira. A Ignasio adafika atavala jekete labulauni, n'kukhala pampando wokhawo wokhala ndi chotsamira.

"Tiyeni a Gerevazio, tionetseni mizimu yanuyo," adatero. "Ena tili ndi zochita."

Gerevazio adaika laputopu pampando wa ndalema n'kudina. Poyamba padabwera timabokosi ndi mkokomo wa mphepo. A Ignasio adaseka.

"Ndiye umboniwo? Ngati nsalu ya m'kaunjika!"

Pomwepo chithunzi chidayera. Padaoneka ngodya ya kumunsi kwa dimba, kuseri kwa ngalande, pafupi ndi mtengo wa pichesi. Munthu wina adagwada pamenepo, khasu lili pambali, akukwirira khonje ndi manja ake. Adaimirira, n'kupondaponda dothi, n'kutembenukira ku kamera. Mphepo idali itapuma kaye, choncho mawu ake adamveka bwino lomwe.

"A Gerevazio, nkhope ikuoneka? Mundijambule bwino, ana adzadziwe kuti malire a alamu anga ndidabzala ndine!"

Kanema adathera pomwepo. Munthuyo adali atavala jekete labulauni.

Nkhuku idadutsa pakati pawo osathamangitsidwa.

"Achimwene," adatero a Sibongile, "ku Lilongwe kulinso pichesi wofanana ndi wathuyu?"

A Ignasio adapempha kuti aonenso. Gerevazio adabwereza. A Ignasio adaweramira pafupi, maso ali tong'o, ngati akuyembekeza kuti ulendo uno patuluka munthu wina.

"Jeketeli pakanema likuoneka latsopano," adatero pomaliza.

"Khasu lili kuseri kwa nyumba," adatero a Sibongile. "Khonje mukadula kumpanda kwanga."

"Lero ndi Lamulungu, achemwali."

"Pozula mudayang'ana kalendala?"

A Ignasio adanyamuka. Adavula jekete lija, n'kulipinda bwinobwino, n'kulisiya pampando. Atafika pangodya ya nyumba adacheuka.

"A Gerevazio, kanemayo mudzanditumizireko pafoni."

Anthu atabalalika, Gerevazio adapereka kwa a Dorika kafulashi katsopano kokhala ndi kanemayo. Adali atakaika m'kabotolo kagalasi kouma, kotseka zolimba, chivindikiro atachimata ndi selotepi.

"Mayi, muziwaza botolo," adatero. "Madalitso amalowa okha."

A Dorika adakweza kabotoloko, n'kukayang'ana padzuwa, n'kuyesa chivindikiro ndi chala.

"Nanga kakale kaja?"

"Kagwira ntchito yake. Kameneko muziwaza mmene mungafunire."

A Dorika adamanga zonse ziwiri pansonga ya chitenje, n'kutsikira kudimba kukaona ngati alamu awo akukumba pamalo pake.