Mawu Otsatira a Fainess

Nkhungu inagona pa minda ya ku Kapelula mpaka dzuwa litakwera, ndipo fodya wa m'chigafa anafewa ngati nsalu. A Esau anakhala pakhomo pa chigafacho, foni ili m'manja. Zitseko za anthu zinali zitayambanso kutseguka m'mawa ngati kale, koma chimanjamanja cha maliro a akazi awo, a Fainess, chinali chikadali pabwalo.

Mwana wawo Shalom, amene amapanga mawebusaiti ku Lilongwe, anali atasonkhanitsa mauthenga onse a mawu amene mayi ake ankamutumizira. Pafonipo pankaoneka batani limodzi lokha.

"Alipo angati?" a Esau anafunsa Shalom, amene anaima pambali pawo.

"Sikanena, ababa. Kanthuka ife timati itereta. Kamangosunga malo pamene mwalekezera. Mukadina, kamatola uthenga umodzi n'kukupatsani. Mukadinanso, kamatola wotsatira. Sikabwerera m'mbuyo, sikasuzumiranso kutsogolo."

"Nanga akatha?"

"Kadzakuuzani kuti atha. Koma ine ndikhoza kukuwerengerani."

"Iyayi."

M'nkhungumo munatuluka njinga, kenako a Yobu, mlongo wake wa malemu. A Esau anali mkamwini pamudzipo. Nyumba, munda ndi chigafa zinali pa nthaka ya kwa akazi awo, ndipo aliyense ankadziwa chimene a Yobu adzera.

"Alamu, abale akhala pansi. Akuti tikusudzuleni fodyayu akangopita ku okushoni. Mukapume kwanu."

A Esau anayang'ana fodya ali lendelende. Kwawoko anakusiya tsitsi lisanachite imvi. Ankangokumbukirako mtengo wa muwanga, mwina nawonso anaudula.

"Mwini mudzi sanamalize kulankhula," anatero.

"Mwini mudzi wake uti? Alamu, musatiseketse pa maliro."

"Amalume, dinani apa," anatero Shalom.

A Yobu anapukuta chala pa thalauza, nadina. Poyamba kunamveka mphepo ndi nkhuku. Kenako mawu aja anabwera, ngati akuchokera kuseri kwa fodya.

"Shalom, iwe, kodi chajambula? Eya. Bambo ako lero alankhula mawu atatu, ndiye kuti mvula igwa. Amalume ako abwereka khasu langa lija, abweza mpini wokha. Usawauze, angachite manyazi. Ndawasungira maungu awiri, aakuluwo. Aaa, mbuzi zalowa! Choka! Choka iwe!"

Kunatsala phokoso la mapazi akuthamanga, kenako zii.

A Yobu anavula chipewa. Anaseka pang'ono. Kwa kanthawi onse atatu anayang'ana kumunda, kumene nkhungu inkayenda pansipansi ngati munthu wopirikitsa mbuzi.

"Maunguwo sindinawatenge," anatero a Yobu. "Ikani wina timve."

Chala chawo chinali chitayandikira kale batani. A Esau anabweza foni pachifuwa.

"Mawa."

"Umodzi wokha, alamu."

"Umodzi patsiku."

"Nanga abale ndikawauza chiyani?"

A Yobu anacheukira Shalom.

"Iwe, atsala ambiri?"

Shalom anayang'ana bambo ake, nayang'ana pansi.

"Amayi ankakonda kulankhula, amalume."

A Yobu anapotokola chipewa chawo, nachivalanso. Anadzutsa njinga, koma sanaikwere.

"Za kusudzulazo zidikire kaye. Mawa ndifike nthawi yanji?"

"Nkhungu isanachoke."

A Esau anaika foni m'thumba la malaya, namanga batani la thumbalo. Analowa m'chigafa ndi kuyamba kutsitsa fodya asanaume.