Kababu ka Yamikani

Ine ndine wa nthungululu, mudzi wonse ukudziwa, koma dzulo masana tulo tinandichita chipongwe.

Ndinalota Yamikani, mdzukulu wanga amene tinamuika m'manda dzinja lapitali. Ali moyo ankafuna kumangirira mota ya batire ndi phiko kunsi kwa bwato, kuti lizinyamuka pamwamba pa madzi. Ankati ayambe waphunzira pa zazing'ono, kababu ndi mawaya awiri, ati imeneyo ndiyo sukulu yake. Malungo sanamudikire.

Kumalotoko mawaya ankayanga m'dimba mwanga ngati maungu, ofiira uku, akuda uku. Fungo la waya wopsa, ee, mpaka kukhosi! Kenaka mtsinje unalowa m'nyumba, osanyowetsa mphasa. Bwato lija ilo, laima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, likulira ngati njuchi, mwini wake ali momwemo.

"Mkazi wanga," anatero monga ankandisereulira, "sukulu ija ndamaliza!"

"Iwe mwamuna wabodza, bwatoli walimanga liti?"

"Kwerani agogo, malo alipo."

Mwendo ndinakweza ndithu. Koma kwathu kuno womwalira akakuitana kumaloto sutsatira, ukapita wapitiratu. Ndinabweza mwendo. Sanakwiye, anangoti, "Wofiira ku wofiira, musaiwale." Bwato n'kumapita, osasiya ndi kanjira komwe pamadzi.

Kaya wandisowa, kaya anangobwera kudzandionetsa kuti zinatheka, kaya. Nditadzuka ndinatenga kababu kake pawindo, n'kugunditsa waya wofiira pofiira pa batire, monga anandiphunzitsira. Kanayaka, mayo ine, kanayaka! Ndinakaimbira nthungululu, misozi ili chuchuchu.