Mpikisano wa ku Kande

Griffin anali atalowetsa mutu m'boneti pamene mayi ake, a Bessie, anatuluka ndi tsache. Anthu a pamaliro anali atabalalika, katundu wa malemu Jeremiah, bambo ake a Griffin, atagawidwa. Inatsala ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri imene malemuwo anabwera nayo kuchokera ku Joni.

Dingani, mng'ono wake wa Griffin, ankafuna igulitsidwe kwa mwini loji wina. Ankati chinjini chachikulucho chimangomwa mafuta ngati chidakwa, kagalimoto kake katsopano kangaisiye isanalowe n'komwe giya yachitatu. Griffin ankati timagalimoto ta masiku ano n'tachitini, pachitunda timalira ngati udzudzu.

A Bessie zinawatopetsa. Analamula kuti m'mawa athamangitsane kuchoka pa Chintheche mpaka ku Kande. Yakale ikagonja, ipite. Iwo akwera ndi Griffin. Mumtima sankafuna ipite, koma ana okangana sankawafunanso pakhomo.

Kutacha yakaleyo inabangula, nkhuku n'kumwazika, ndipo inatsogola mpaka kupitirira msika. Kenako m'mbali mwa msewu munatulukira mayi wina atasenza dengu la chinangwa, dzanja lili m'mwamba. Anali atamva injini ali kumunda, miyendo n'kumuthamangitsira kumsewu monga mwa masiku onse. Ataona kuti woyendetsa si Jeremiah, anatsitsa dzanja lija nagwira pakamwa.

Griffin anayang'ana mayi ake.

"Ukuyang'ana ine bwanji? Ima. Bambo ako sanapitirirepo munthu."

Kagalimoto ka Dingani kanadutsa, osaonekanso. Iwo anaimanso kutsogolo, kunyamula mtsikana wa beseni la usipa, ndi mkulu wina amene nkhafi yake yopalasira bwato inachita kutulukira pawindo.

Ku Kande anapeza Dingani atakhala paboneti, akugwedeza miyendo. Anayamba kuseka, koma analeka ataona anthu akutsika mopanikizana, aliyense akusisita denga la galimoto asanasenze katundu wake.

"Yagonja," anatero a Bessie. "Kaitane mwini loji uja."

Dingani sanapite. Anasuzumira kumpando wakumbuyo. Chikopa chake chinali chotuwa, ufa wa chinangwa wa zaka ndi zaka utalowerera m'misoko. Anapalapo ndi chala, nachiyang'ana.

"Amama, pobwerera ndiyendetse ine."

Anaponyera mkulu wake makiyi a kagalimoto kake. A Bessie anali atakhala kale pampando wawo, akukonza duku.

"Uziyenda pang'onopang'ono," anatero. "Anthu aimve ikubwera."