Utsi Wakuda pa Woodhead

Tsiku lomaliza kuwaona adadi ali moyo, anali ataweramira mu injini ya pikapu yawo panja pa nyumba yathu ku Manchester, Kangwa ali pambali pawo atagwira sipanala. Ine ndinkatuluka ndi chikwama kumsana ngati wopita ku koleji, chonsecho sukuluyo ndinali nditaisiya miyezi itatu m'mbuyomo osauza munthu. Ndinayandikira kuti ndisuzumire. Adadi anandikankha pang'ono ndi chigongono.

"Udetsa malaya, Yewo. Thamangira basi."

Masana a tsiku lomwelo anagwa ali kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo sanadzukenso.

Kangwa sanali m'bale wathu. Anali mnyamata wa ku Zambia wogwira ntchito ngati ya adadi ku Rotherham, ndipo anadziwana kumsonkhano wa tchalitchi. Loweruka lililonse, ndiponso masiku ena akapuma kuntchito, ankakwera sitima kubwera kwathu, n'kukhala ndi adadi pa galimotoyo mpaka manja onse bii. Ine ndinkawaonera pawindo, buku lili pamiyendo. Ndinkamva akuseka, osadziwa chimene chikuwaseketsa.

Patatha miyezi iwiri chiikireni maliro, amami anati pikapu ipite kwa Kangwa, poti ndiye amaidziwa. Iwo ndi namwino, alibe nthawi yoti aziiyang'anira ikuchita dzimbiri pamsewu. Ndinawauza kuti galimoto ya bambo imatsalira mwana. Anandifunsa ngati ndikudziwa pothira oyilo. Za koleji anali atazimva kale, ndiye ndinalibe pogwira. Ndinangopempha chimodzi, kuti ndikaitule ndekha. Mumtima ndinkati ndikaiolotsa mapiri popanda Kangwa kunena kanthu, ndidzabwerera nayo ndipo amami adzasowa chonena.

Loweruka m'mawa tinanyamuka, ine pachiwongolero, iye pampando umene ankakhala nthawi zonse. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo osayang'ana n'kutulutsa maswiti a adadi. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti mumakhala maswiti.

Titayamba kukwera msewu wa Woodhead, komwe kulibe nyumba koma udzu wofiirira ndi nkhosa, galimoto inayamba kulemera. Ndinaponda mafuta. Pagalasi ndinaona utsi wakuda ukufuka kumbuyo, moti galimoto imene inkatitsatira inabwerera m'mbuyo. Kutsogolo kunkamveka kaphokoso ngati munthu akupuma ndi mano.

Sindinachite mantha, ndinasangalala. Za utsi umenewu ndinkazidziwa. Asanabwere kuno adadi ankayendetsa galimoto ya alendo ku Nyika, ndipo nkhani yake ankaikonda pa tebulo: kumtunda kuja mpweya ndi wopyapyala, dizilo sapsa yense, utsi umada. Si matenda. Umangotsitsa giya, ukatsika phiri utsi umatha wokha. Pa zonse za injini, chimenechi chokha ndi chimene anandisiyira ine.

"Imika, mfana," anatero Kangwa.

"Ndi phiri chabe. Mpweya wachepa. Adadi anandiuza."

"Ku Nyika, inde. Kano n'kachulu. Lilongwe yako ili pamwamba kuposa pano kawiri."

Ndinamuuza kuti bambo anga ndimawadziwa ndine. Ndinatsitsa giya, n'kupondanso. Utsi unawirikiza, liwiro linatsika mpaka lole ya kumbuyo inayamba kuliza hutala osalekeza. Ndinapatukira pamalo oimikapo magalimoto.

Nditatsegula boneti, chimene ndinayamba kuona si vuto ayi. Pa chivindikiro chakuda cha sefa ya mpweya panali mizere yolembedwa ndi cholembera choyera, m'zilembo zopendekeka za adadi. Ntchito iliyonse akaimaliza ankalemba tsiku, ndi zilembo za amene anaigwira. E ndi K. E ndi K. Ernest ndi Kangwa, kutsika mpaka m'mphepete. Ndinafufuza Y ngakhale ndinkadziwa kuti palibe.

Kangwa anapisa manja m'matumba a jekete. Anandiuza kuti ndipapase kunsi kwa paipi yaikulu ya labala yochokera ku tebo, kachipangizo kamene kamakankhira mpweya mu injini. Zala zanga zinapeza tepi yomatuka, yonyowa ndi oyilo, ndipo pansi pake panali mng'alu wolowa chala. Anafotokoza mosakweza mawu kuti pamalo athyathyathya mng'aluwo umatsekeka, koma pachitunda tebo ikalimbikira umayasama, mpweya n'kuthawira panja. Dizilo amalowa wokwanira, mpweya ayi. Anati adadi sanalakwe, utsi wakuda ndi njala ya mpweya, kungoti njalayi sinachokere kuphiri. Paipi yatsopano inali kuseri kwa mpando. Adadi anaigula sabata imene anamwalira.

Ndinamufunsa kuti akudziwa bwanji. Anati anapitira limodzi kokagula.

Ndinamupatsa sikuludiraiva kuti amalize zake. Anakana. Anati amdala sankagwira chitsulo pophunzitsa, ankangoima manja kumbuyo n'kumayankhula, ndiye iyenso achita chomwecho. Inanditengera ola lathunthu. Mphepo inkaluma makutu, chomangira chimodzi chinali chitagwira dzimbiri, ndipo chitsulo chinaterereka n'kundisupula pachala. Malaya anga oyera anadetsedwa kuyambira pamimba mpaka m'manja.

"Malaya apita," anatero Kangwa akumwetulira.

Ndinafuna kumugenda ndi paipi yakaleyo. M'malo mwake ndinafunsa, maso ali mu injini, ngati adadi ankanditchulako. Anati kwambiri, mpaka kutopetsa. Ankati manja a Yewo ndi a cholembera, asadzanunkhe dizilo ngati awo.

"Ankadziwa kuti ndinasiya?"

Kangwa anavomera ndi mutu.

"Anakuona uli khale pa siteshoni ya tramu, tisitima ta m'tauni tija, nthawi ya kalasi. Kawiri. Ankadikira kuti uwauze wekha."

"Ndiye anauza iweyo."

"Anasowa womuuza, mfana."

Ngakhale manyazi anga anakasungitsidwa kwa Kangwa. Ndinamanga chomangira chomaliza mwamphamvu kuposa mmene chinkafunikira, ndipo iye anandisiya.

Nditaliza injini, kupuma kuja kunali kutatha. Ndinaponda mafuta katatu, iye ataima kumbuyo akuyang'ana. Anakweza chala chachikulu. Kenako anabwera pawindo n'kunena kuti ndikamutsitse ku Rotherham ndipo galimotoyo ndibwerere nayo, amami awaimbira yekha. Anati kumene amakhala kulibe poimika galimoto. Linali bodza, adadi anandionetsapo chithunzi cha pikapuyi ili pabwalo lake lalikulu. Choncho galimoto ya bambo anga ndinailandira kuchokera m'manja mwa munthu wina, monganso china chilichonse cha iwo. Sindinathokoze. Anawonjeza kuti sefa idzafunika kusintha chilimwe chisanathe, ndipo Loweruka iye amakhala alipo.

Ndisanatseke boneti anapisanso m'kabokosi kaja n'kundipatsa cholembera choyera. Malo anali atatsala a mzere umodzi, m'mphepete mwenimweni. Ndinaganiza zolemba Y yekha. Dzanja linakana, ndipo K sindinathe kumulemba. Ndinasiya zilembo, ndinalemba tsiku lokha.

13 Epulo 2024.