Mabenchi a ku Oaxaca

Crescencia anafika pasukulu zala zikadali zofiira ndi sitiroberi, msana ukuwawa. Anapeza a Itandehui, aphunzitsi a mwana wake Marisela, akulongedza mabuku m'katoni ya zipatso.

"Mukusamukira kuti, aphunzitsi?"

"Kunyumba, mayi. Andichotsa ntchito."

Anayankha m'Chimixteco, chinenero cha kwawo ku Oaxaca. Chinenero chimenechi ndicho chinamasula Marisela. Mwanayo ankangokhala m'kalasi ngati thumba la chimanga, Chisipanishi chikumudutsa pamutu, mpaka a Itandehui atayamba kumufotokozera m'chinenero cha mayi ake. Tsopano ankawerenga ngakhale zolemba za pa matumba a feteleza.

Crescencia analowa mu ofesi ya ahedi, a Heriberto, osagogoda.

"Khalani pansi, mayi."

"Ndikakhala ndigona. Alakwa chiyani?"

"Sanalakwe. Satifiketi yawo ndi ya ku Oaxaca, ndipo kuno ndi ku Baja California, chigawo china. Ofesi ya maphunziro sinaidinde. Popanda chidindo cha kuno sangaime pamaso pa ana. Lolemba kubwera wina wochokera ku Ensenada."

"Amadziwa Chimixteco?"

"Ali ndi mapepala onse."

"Ndafunsa za Chimixteco, ahedi."

A Heriberto anayang'ana pazenera. "Lamulo sindinalembe ndine. Apite ku likulu ku Mexicali akapemphe. Mwina chaka chamawa zitheka."

"Chaka chamawa Marisela adzakhala akuwerama nane m'munda. Tikamathyola zipatso zanu palibe amatifunsa chidindo. Manja a ku Oaxaca ndi abwino, mutu wokha ndiye wowola?"

Lamlungu amayi anakumana pampopi akuchapa. Eufrosina, amene anagwira Marisela pa ubatizo, ankafuna unyolo.

"Titseke geti la sukulu, amnzanga. Aliyense amatero."

"Geti ndi la boma," anatero Crescencia akufinya buluku. "Apolisi adula unyolo wanuwo musanamalize kuphika nyemba. Koma mabenchi aja ndi a ndani?"

Amayi anasiya kuchapa. Mabenchi anali a tekiyo, ntchito imene anthu a kwawo amagwirira mudzi popanda malipiro. Sukulu itatsegulidwa ana ankakhala pa zidebe. Abambo anapala matabwa otayidwa ku fakitale yolongedza zipatso, amayi anapenta, ndipo banja lililonse linalemba dzina la mudzi wake kunsi kwa benchi lake ndi msomali wamoto. Kwawo, chopangidwa ndi tekiyo chimapita kumene msonkhano wanena.

"Ndiye msonkhano ndi uno," anatero Eufrosina. "Wotsutsa akweze sopo."

Palibe anakweza.

Lolemba m'mawa basi ya kumunda inaliza hutala pangodya. Kapitawo anasuzumira pazenera.

"Crescencia, ukatsala lero mzere wako ndipatsa wina."

"Mpatseni, bwana. Nayenso ali ndi msana."

Basi inapita theka la mipando lili lopanda anthu. Amayi analowa m'kalasi n'kuyamba kutulutsa mabenchi awiriawiri, ana akutsatira m'mbuyo ndi zikwama. A Heriberto anatuluka akuthamanga, khofi ali m'manja.

"Amayi, uku n'kuba katundu wa sukulu."

Crescencia anatembenuza benchi lake miyendo m'mwamba. Kunsi kunali dzina la mudzi wake, lakuda ndi moto.

"Werengani, ahedi, inu muli ndi mapepala onse. Benchi ili ndi la ku Oaxaca. Chidindo cha kuno lilibe. Silingakhale pamaso pa ana."

Eufrosina anaseka mpaka kutula benchi lake pansi.

Mabenchiwo anawaika pabwalo la Crescencia, pansi pa ukonde wakale wa kumunda umene ankatchingira dzuwa. A Itandehui anaima pachipata osalowa.

"Mayi, akamva kuti ndikuphunzitsa kuno, chidindo chija mwina sindidzachiona n'komwe."

"Ndikudziwa. Inenso mzere wanga wapita. Sindikukakamizani. Koma a ku Mexicali akafuna mabenchiwa m'kalasi, abweretse chidindo chanu. Adzabwerera tsiku limene inu mudzabwerere."

A Itandehui anayang'ana ana atakhala m'mizere, nkhuku zikudutsa pakati pawo. Anatula katoni ija pa mgolo wa madzi n'kutulutsa choko.

Dzuwa litakwera kunabwera mtsikana wa nsapato zoyera, atanyamula chikwama chatsopano. Anali mphunzitsi wa ku Ensenada. Anati wapeza kalasi yopanda kanthu, ndipo ahedi amulozera kuno.

"Ana anga ndi amenewa?"

Crescencia anali pa mbaula akutembenuza totiya, mikate yopyapyala ya chimanga ya kwawo. Sanadzuke.

"Ana ndi athu, achemwali. Kumbuyoko malo alipo, khalani. Marisela, sendera, uziwamasulira."