Tsiku Limene Ramadani Analetsedwa Kulankhula

Pa doko la Swang'oma, kumbali ya Phalombe ya nyanja ya Chilwa, munthu sankachita kufunsa ngati Ramadani wafika. Ankamveka asanaoneke. Bamboyu anali wopalasa bwato, wamfupi, wa tindevu ta pachibwano, ndipo pakamwa pake sipankazizira. Ankalankhula ndi asodzi, ndi amayi ogula matemba, ngakhale ndi njinga yake ikagwetsa tcheni. Akakhala yekha pakati pa njedza, udzu wautali wa m'nyanjamo, ankapitiriza nkhani imene anaisiyira kumtunda, kudzifunsa n'kudziyankha yekha, mwina mpaka kukangana.

Lachiwiri lina m'mawa, mpunga ukucha m'madambo, padokopo panaima galimoto yoyera. Munatsika mayi wamtali wovala buluku ndi chipewa chotambalala, atakoleka m'khosi kamera ya mphuno yaitali ngati musi. Anali mayi Prudence Sitima, woweruza milandu wa ku Blantyre. Anali pa tchuthi, ndipo tchuthi chawo chilichonse chinkathera pojambula mbalame. Mabwato onse anali atalowa kale m'nyanja. Lotsala linali la Ramadani.

Katija, mkazi wa Ramadani, amene ankagulitsa zitumbuwa pomwepo, atamva zimene mlendoyo ankafuna anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Amayi, mukufuna bata ndiye mwakwera wailesi?"

Mayi Sitima sanaseke. Anatsegula kabuku n'kuloza chithunzi cha mbalame ya buluu, ya mlomo wofiira ndi zala zazitali.

"Ndadzera iyi. Zaka zitatu ndikuisaka."

"Aa, nkhuku ya m'madzi!" anatero Ramadani. "Ameneyu ndi mnansi wanga weniweni. Chaka chija nyanja inauma, ine ndi malemu amalume..."

"Bambo Ramadani." Mayiwo anaimika chala chimodzi. "Lamulo langa ndi limodzi. Tikangochoka pano, chete. Osalankhula, osatsokomola, osaimba mluzu. Kukhoti kwanga wolongolola ndimamutulutsa."

Ramadani anayang'ana madzi akudawo, n'kuganizira komwe munthu wotulutsidwa m'bwato amapita. Anagwira nsungwi yake yopondera.

Mayiwo anakhala kutsogolo, nkhope kunyanja. Iye anaima kumbuyo. Asanapite patali anakumana ndi Shadrick, msodzi mnzake, akuonjola miyono.

"A Ramadani, mwadzuka bwanji? Nanga za abakha zija zatha bwanji?"

Ramadani anangokweza dzanja, milomo ali phwii. Shadrick anamuyang'ana, kenako anavula chipewa mwaulemu, poganiza kuti kwagwa zovuta.

Mawu anayamba kumutupira m'mimba ngati nyemba zosapsa. Anaona bwato la mnzake litapakidwa phula latsopano, osanenapo kanthu. Anaona ng'azi ikuwothera dzuwa, osanenapo kanthu. Thukuta linkatsika. Choipa kwambiri chinali chakuti mbalame zonse zinkathawa. Akakowa ankanyamuka bwato lili kutali. Atsekwe ankalowa m'njedza ngati aona nkhondo. Maola atatu anatha kamera isanalire ngakhale kamodzi.

Kenako anaima pa kadziwe kabata. Mayi Sitima analunjikitsa kamera ku bango la kutsidya, n'kuuma ngati chitsa.

Nthawi yomweyo njedza za pambali pa bwato zinagwedezeka. Munatuluka mbalame ija, ya buluu, mlomo psuu, ikuponda pa zomera zoyandama mwaufumu. Inaima kumbuyo kwenikweni kwa mayiwo, pafupi moti akanatha kuigwira mchira.

Ramadani anakweza mkono ngati mwana wa sukulu. Mayiwo sanaone. Anagogoda bwato ndi chala cha kuphazi.

"Shhh!" Chala cha mayiwo chija chinaimanso m'mwamba, mwini wake osatembenuka.

Kuwakodola sakanatha. Munthu ungakhudze bwanji mkazi wa mwini, woweruza milandu? Anatapa timadzi n'kuwawaza pakhosi. Mayiwo anangodzimenya ngati alumidwa ndi udzudzu.

Mbalame ija inazula mphukira, n'kuigwira ndi phazi, n'kumadya mosapupuluma. Inadzikonza nthenga, phiko ili, phiko ilo. Itatero inapendeketsa mutu n'kumuyang'ana Ramadani m'maso. Inabweranso inzake, kamwana kakuda kakutsatira. Apa Ramadani anamva kuti akapirirabe aphulika.

"Amayi, ndimangeni ngati n'kumanga, koma tayang'anani kumbuyo!"

Mayi Sitima anatembenuka mwa mphamvu. Bwato linapendekeka n'kumwa madzi, chipewa chinagwera m'nyanja, mbalame zinati phaa! Kamera inalira kamodzi. Atayang'ana chimene ajambula anapeza miyendo iwiri yofiira pakona, ndipo pakati ponse panali kukamwa kwa Ramadani kuli yasa.

"Zakhala pamenepa nthawi yaitali bwanji?"

"Munthu akanatha kusenda chinangwa, kuphika, n'kudya."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Lamulo lanu lija, amayi."

Mayiwo anavuula chipewa, n'kuchifinya pang'onopang'ono. Anali munthu wodziwa kuti mlandu ukakugwera umavomera.

"Tiyeni tizibwerera. Ndipo lankhulani, bambo. Palibenso chimene chingaonongeke."

Zinali ngati wagumula dziwe. Ramadani anayamba ndi nkhani imene inkamupweteka mtima sabata yonse. Bakha wamkazi wa mlamu wake Faiz anadzaikira mazira m'khitchini mwa Ramadani, n'kuswa ana asanu ndi anayi. Faiz ankati anawo ndi ake. Koma bakha wamwamuna anali wa yani? Wa Ramadani. Khitchini ya yani? Madeya a yani?

Ali mkati mofotokoza, mayi Sitima anadzidzimuka. Kakowa anali ataima pafupi, osasuntha. Atsekwe anatuluka m'njedza n'kumasambira m'mbali mwa bwato ngati operekeza mkwati.

"Bwanji tsopano sizikuthawa?" ananong'ona.

"Musanong'one amayi, muzioopsa. Kuno wobwera mwakachetechete ndi mlenje. Mbalamezi si zopusa. M'mawa muja zimaona bwato langa koma mawu osamveka, zimati Ramadani wamwalira, bwato lagulidwa ndi otchera misampha."

"Nanga ya buluu ija?"

"Ija ndiye inabwera kudzandizonda."

Anabwerera pa kadziwe kaja, Ramadani akulongosola mbiri ya abakhawo kuyambira kwa agogo awo. Sipanapite nthawi, banja lonse la buluu linatulukanso. Kamera inalira ngati makina osokera. Koma ntchito ndi ntchito: diso lili pa kamera, makutu a mayiwo anali pa mlandu.

"Bakhayo anabwera yekha kapena munamuitana?"

"Eee... ndinkamwaza timadeya pakhomo."

"Mlamu wanu munamuuza kuti akuikira kwanu?"

"Sanandifunse."

"Kuno kwanu, banja likatha, ana amatsala kuti?"

"Kuchikazi, amayi. Zimenezo n'zosachita kufunsa."

"Basitu. Mwadziweruza nokha. Kabwezeni ana a eni ake, mukapepesenso."

Ramadani anayesa kuchita apilo kawiri asanafike padoko, koma woweruza anali yemweyo.

Mayi Sitima anakhala masiku anayi, ndipo tsiku lililonse ankakwera bwato lomwelo, atamwiratu mankhwala a mutu. Pobwerera ku Blantyre anali ndi zithunzi zoposa zimene anajambula pa tchuthi chilichonse, ndiponso akudziwa milandu ya mudzi wonse.

Loweruka Ramadani anaika tiabakha tija m'dengu n'kupita kwa Faiz. Anayamba kupepesa dzuwa likungotuluka. Pofika masana anali asanafike penipeni pa nkhani. Faiz, amene mpunga wake unkadyedwa ndi mpheta kudambo, anadzuka n'kumugwira manja onse awiri.

"Alamu, ndakukhululukirani. Tengani anayi akhale anu, bola muzipita."