Denga la pa Sikelo

Tawonga atafika pa sikelo ya m'mudzi mwawo ku Chisenga, anapeza denga la chisakasa litagwera mkati. Mvula inkawaza. A Cuthbert, alangizi a zaumoyo, anali atakoleka sikelo panthambi ya mango, bokosi la katemera atalifunditsa jekete lawo.

"Amayi, lero ndi lomaliza kuno," anatero a Cuthbert. "Katemera sindingabayire pamvula. Mwezi wamawa muzipita kuchipatala."

Kuchipatala ndi ulendo wa maola atatu, kuwoloka mtsinje wodzaza, ndipo mwana wa Tawonga, Lusungu, anali asanamalize katemera.

"Ndaitanitsa msonkhano wa dengali katatu," anapitiriza a Cuthbert. "Kunabwera nkhalamba zinayi. Kodi mlembi wa komiti ya sikelo ndani?"

"Si uyo wabisala kuseri kwa ambulerayo!" anatero mayi Bessie, oyandikana nyumba ndi Tawonga, akumuloza. "A Baptist inu, tchalitchi mumazira mpaka kuwala ngati mbale. Koma za mudzi, mayo! Mumati n'zakunja."

Amayi anaseka. Tawonga anangoyang'ana zala zakuphazi. Anamusankha kukhala mlembi chifukwa anafika Fomu 4, ndipo misonkhano itatu yonseyo anaimva. Koma inkachitika Lachinayi, tsiku la Umodzi wa Amayi kutchalitchi kwawo, ndipo iye sanauzeko munthu kuti masiku akuwombana. Ankangovala yunifolomu, nkuzemba njira yodutsa pa sikelo.

Lachinayi lotsatira, mapemphero atatha, Tawonga anaimirira.

"Amayi anzanga, ndalakwa. Sikelo ikuchoka chifukwa ine mlembi wake ndinakhala chete."

"Khala pansi, mwana iwe," anatero mayi Eva, akuluakulu a gululo. "Zachitukuko si zathu. Ife tili ndi denga la khitchini ya abusa."

Mayi busa, a Loveness, anadzuka pang'onopang'ono. "Aliyense wobereka mwana aimirire."

Anaimirira amayi khumi ndi anayi.

"Ana amenewa amakwera sikelo ya tchalitchi? Ilipo?" anafunsa mayi busa. "Khitchini yanga idikire. Mitolo ya udzu tinamweta ija ipite ku sikelo."

Loweruka amayi anasenza udzu, amuna awo akubwera pambuyo ndi mitengo ndi luzi. Anthu a mipingo ina ataona, anatuluka ndi makwanje. Mayi Bessie anafika akuseka. "Yewo, a mlembi! Lero mwaipeza njira?"

"Ndaipeza, amama," anayankha Tawonga, manyazi asanathe.

Komiti inagwirizana kuti misonkhano izichitika Lachiwiri. Mwezi wotsatira Lusungu analandira katemera wake pansi pa denga losadontha, mvula ikukhuthuka panja.

Kutumikira mumpingo ndi kwabwino, koma sikutichotsa m'mudzi. Sikelo, mjigo ndi mlatho ndi zathu tonse. Tsiku la msonkhano likawombana ndi la mapemphero, nenani poyera kuti lisinthidwe. Musangozemba.